MAYESO ASAGWE PA TSIKU LA IDI

Caka ciri conse makolo a m'midzi ya kuno Kum'mawa amaperekeza ana ao ku basi ya ku Migodi kuti akaphunzire pa Yunivesite ya Copperbelt. Sukulu imeneyi inakhazikitsidwa ndi Nyumba ya Malamulo m'caka ca 1987. Iri ku Riverside mu Kitwe, ndipo kuyambira mu 2011 irinso ndi sukulu ya udotolo ku Ndola. Ambiri mwa ana amenewa ndi Akristu, koma alipo ena, ocepa ndithu, amene m'cikwama mwao mumakhala kamkeka kopempherera. Funso limene tikuika pamaso panu lero, inu anzathu a m'manthambi ndi m'mawadi, ndi ili: kodi nkoyenera kuti mwana wa Cisilamu azisankha pakati pa mayeso ndi tsiku lake la Idi?

Poyamba tikumbutsane kuti Asilamu si alendo m'dziko muno. Amwenye a malonda anafika ku Fort Jameson, kumene lero timati Chipata, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo mzikiti wa m'tauni imeneyo aliyense wopita kumsika amauona. Ayao ocokera ku Nyasaland anatsika nao m'migodi pamodzi ndi makolo athu, ndipo ku Ndola kunakhazikikanso Asomali. Zidzukulu zao zinabadwira kuno, ziri ndi ziphaso za dziko lino, ndipo msonkho umene umayendetsa yunivesite makolo ao amakhoma monga aliyense.

Tsono taonani masiku a chuthi a dziko lathu. Pa Krisimasi palibe amene amalemba mayeso. Pa Pasaka timapuma kuyambira Lacisanu Loyera kufikira Lolemba. Kuyambira mu 2015, tsiku la 18 Okutobala linapatulidwanso kukhala la mapemphero ndi kusala kudya. Idi mulibemo. Kwa anansi athu ku Malawi, Idi yotsiriza mwezi wa Ramadani ndi tsiku la chuthi la dziko lonse, ndipo ku Tanzania amapuma pa Idi zonse ziwiri. Ife sitikuti Boma litseke maofesi ndi migodi pa masiku amenewa. Kalembera wa 2010 anapeza kuti anthu oposa 95 pa 100 alionse muno ndi Akristu, ndipo kuimitsa nchito dziko lonse ndi nkhani ina yofuna kukambirana kwake. Cimene tikupempha ncaching'ono kwambiri, ndipo ciri m'manja mwa akulu-akulu a sukulu.

Cobvuta ciri pa mwezi. Asilamu amawerenga miyezi yao poona mwezi kumwamba, monga momwe agogo athu ankawerengera. Caka cao cimapelewera ndi masiku 10 kapena 11 poyerekeza ndi cathu, cotero Ramadani imayenda cobwerera m'mbuyo. Mu 2006 inagwa m'cilimwe ca Seputembala ndi Okutobala, mu 2015 inagwa m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julai, ndipo mu 2025 inali m'Malichi. Palibe nyengo ya mayeso imene Ramadani sidzaipeza. Mwezi wonsewo wophunzira sadya kapena kumwa ngakhale dontho la madzi kucokera m'bandakuca kufikira dzuwa litalowa, maola pafupi-fupi 13, koma m'kalasi amalowa ndipo m'cipatala ca maphunziro amaimirira tsiku lonse monga anzake. Mlimi amene anagwirapo khasu m'mimba muli gwa, ndiye angamvetse.

Pa kusalako sitikupempha ciri conse, pakuti ndi cipembedzo cao ndipo amacisenza okha. Tsiku la Idi ndilo liri ndi mlandu, cifukwa silidziwika kufikira madzulo ake mwezi utaoneka. Mu 2025 maiko ena anadya Idi pa Sondo, 30 Malichi, ena pa Lolemba, 31 Malichi. Wokonza ndandanda ya mayeso anganene kuti sangasunge tsiku limene eni ake salidziwa. Yankho lake nlapafupi: Ramadani imatha ndi masiku 29 kapena 30, osaposa apo, ndiye kuti Idi iri pa limodzi la masiku awiri otsatizana amene angalembedwe caka cisanayambe. Idi yaciwiri, ya nsembe, pamene amakumbukira Abrahamu napha mbuzi kapena ng'ombe kugawira osauka, imadza patapita masiku ngati 70, ndipo imadziwika kukali masiku 9 kapena 10. Pemphero la Idi limacitika m'mawa ndipo limatha dzuwa lisanafike pamutu. Ngati nkosatheka kusiya masiku onsewo opanda mayeso, asiye m'mawa mokha, kapena alole anawo kudzalemba tsiku lina monga amacitira ndi wodwala ndi woferedwa.

Ena adzati, "Nanga si dziko lino ndi la Cikristu?" Nzoona. A Frederick Chiluba analengeza cotero pa 29 Disembala 1991, ndipo mau amenewo analowa m'mau oyamba a buku lalikulu la malamulo a dziko mu 1996. Koma buku lomwelo, m'Gawo 19, limateteza ufulu wa munthu aliyense wopembedza ndi kusunga miyambo ya cipembedzo cake, ndipo limaletsa kukakamiza wophunzira kucita nao mwambo wa cipembedzo cimene si cake. Malamulo awiriwa anaikidwa m'buku limodzi kuti ayendere pamodzi. Abale athu a mpingo wa Sabata, amene ali ambiri m'dziko muno, akudziwa bwino kuwawa kwa mayeso oikidwa pa Ciweru. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo dotolo wa Cisilamu amene adzatuluka ku Ndola sadzafunsa cipembedzo ca mai wobereka pa cipatala ca ku Lundazi kapena ku Petauke.

Palinso pemphero la Lacisanu masana, limene silitha ngakhale ola lathunthu. Cipinda cimodzi coyera ndi mpopi wa madzi osambira m'manja ndi m'mapazi nzokwanira kuti mwana asathamangire mzikiti wa m'tauni ndi kuphonya phunziro la masana.

Nao ana a Cisilamu ali ndi mbali yao. Asadikire kuti ndandanda ituluke ndipo ayambe kudandaula. Sabata yoyamba ya caka ca maphunziro, atsogoleri ao alembe kalata kwa mkulu woyang'anira ophunzira, acule masiku anai amene Idi ziwirizo zingagwere, ndipo shehe wa mzikiti wa ku Kitwe kapena ku Ndola asainepo. Inu makolo, mwana akabwera ku chuthi mufunseni ngati kalatayo inapita, ndipo phungu wanu wa ku Nyumba ya Malamulo akadzafika pa msonkhano wa m'dera lanu, mumuuze nkhani imeneyi kuti akaitule kwa nduna ya zamaphunziro.