Magalimoto athu achoke pamiyala

M'maboma ambiri m'dziko muno, ukazungulira kuseri kwa ofesi ya asosiyeshoni kapena pambali pa nyumba yosungiramo zokolola ya kopaletivi, umapeza pikiapu itakhala pamiyala. Matayala anaphwa kalekale, pansi pake panamera udzu, ndipo nkhuku zimaikira mazira pampando wa dalaivala. Ambiri mwa magalimotowa ndi a mtundu wa Toyota Hilux, Nissan Hardbody kapena Isuzu KB, ndipo anabwera ndi mapulojekiti a zaulimi amene anatha zaka zapitazo. Pulojekiti itatseka, galimoto inayenda chaka chimodzi kapena ziwiri, kenako panafa kachitsulo kamodzi, anthu n'kuikankhira pansi pa mtengo kuti idikire ndalama. Mpaka lero ikudikirabe.

Pamene galimotoyo ikudyeka ndi dzimbiri, mamembala a gulu lomwelo akugulitsa soya, mtedza ndi nandolo kwa mavenda pakhomo, kawirikawiri pamtengo wotsika kuposa umene Unduna wa Zamalimidwe umalengeza chaka ndi chaka. Mlimi wa tomato ku Ntcheu kapena wa mbatata ya kachewere ku Dedza amadziwa kuti mbewu yake siyingadikire, choncho amalandira mtengo uliwonse umene wamupeza kumunda. Feteleza ndi mbewu zimafika ku kalabu mvula itagwa kale chifukwa anthu amayembekeza matola. Venda samuposa mlimi nzeru. Amamuposa chifukwa iye ali ndi chonyamulira.

Tikudziwa kuti m'misonkhano yathu yambiri yankho limakhala limodzi: tilembe kalata yopempha galimoto yatsopano. Alimi anzathu, tiyeni tiuzane zoona. Ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Galimoto iliyonse, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito, imachokera kunja ndipo imagulidwa ndi ndalama zakunja. Magulu a alimi ang'onoang'ono amene angagule pikiapu yatsopano lero ndi owerengeka. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Galimoto yathu ndi imene ili kuseri kwa ofesi, osati imene ili m'kalata yopempha.

Koma tisanagule sipanala, tidzifunse chimene chinapha galimotoyo. Ife tikuti sinafe ndi injini, inafa ndi kusowa mwini. Aliyense ankaikwera koma panalibe woika ndalama padera zogulira oyilo ndi matayala. Inkapita ku ukwati, ku mpira ndi ku maulendo a atsogoleri popanda wolemba makilomita. Itawonongeka, mamembala anati ndi ya komiti, komiti inati ndi ya pulojekiti, pulojekiti inali itapita. Tikakonza galimoto osakonza khalidwe limeneli, ibwereranso pamiyala chaka chisanathe.

Choyamba ndi mapepala. Kodi blue book ili kuti, ndipo mwalembedwa dzina la yani? Magulu ena ali ndi makiyi koma galimoto idakali m'dzina la bungwe limene linachoka. Musataye ndalama za mamembala pa katundu amene mawa wina angadzamutenge. Pezani kalata yopereka galimotoyo kwa gulu lanu ndipo musinthe umwini ku ofesi ya Road Traffic. Ngati inalowa m'dziko osalipira msonkho, monga zimakhalira ndi magalimoto ambiri a mapulojekiti, kafunseni ku bungwe lotolera misonkho la MRA musanachite china chilichonse. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri, itanani amakaniko awiri osadziwana, aliyense aione payekha ndi kulemba zofunika ndi mitengo yake papepala. Ayambe ndi kulowa pansi kukaona chasisi. Ngati chasisi chinathyoka kapena dzimbiri linachiboola pamene pamangidwa masipuling'i, kapena ngati buloko ya injini inang'ambika, galimotoyo siyoyenera kukonzedwa. Pamenepo msonkhano wa mamembala onse uvomereze kuigulitsa poyera, ndalama zake zilowe ku banki. Chimene tikukana ndi kuigulitsa chitsulo chimodzichimodzi usiku, lero alitaneta, mawa sitata, mpaka kutsala chigoba.

Chachitatu, ngati chasisi ndi injini zili bwino, musathamangire kubwereka batire kuti muilize. Injini zambiri zogona zimafera pa tsiku loyamba lomwelo. Pa zaka zonsezi oyilo anatsikira pansi ndipo zitsulo za mkati zinauma. Makaniko atsanule oyilo wakale, asinthe mafyuluta onse, kenako azungulitse injini ndi sipanala kuti aone ngati siinagwirane. Thanki aitsitse ndi kuitsuka, chifukwa dizilo wokhalitsa amasakanikirana ndi madzi n'kupanga zinyalala zonanda zimene zimatseka pampu ndi mainjekita, ndipo zipangizo zimenezi ndi zina mwa zodula kwambiri pa galimoto ya dizilo. Ngati injiniyo imayendera lamba wa taimingi, lambayo asinthidwe ngakhale akuoneka wabwino. Labala amakalamba ngakhale galimoto isakuyenda, ndipo lambayo akaduka injini ikulira, mapisitoni amamenya mavavu. Radiyeta itsukidwe, mapaipi a madzi ouma asinthidwe. Mawaya onse aunikidwe, pakuti makoswe amakonda kumanga zisa m'magalimoto ogona, ndipo waya wotafunidwa angayatse moto.

Chachinayi ndi mabuleki ndi matayala, ndipo apa sitikufuna kumva za kusunga ndalama. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyontho, n'chifukwa chake amafunika kusinthidwa pafupifupi zaka ziwiri zilizonse. Pa galimoto yogona, timalabala ta mabuleki timauma, mapaipi amachita dzimbiri, ndipo handibuleki imakakamira. Tayala lingaoneke kuti lidakali ndi mano koma m'mbali litang'ambikang'ambika. Onani manambala anayi omalizira olembedwa m'mbali mwake: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Tayala lolembedwa 2316 linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2016, ndipo silikuyeneranso kusenza katundu. Galimoto yonyamula matumba ikutsika chitunda cha Golomoti kapena cha Chikwawa imadalira zinthu ziwiri zimenezi. Pomaliza ikayesedwe kuti ipatsidwe COF, ilipiridwe inshuwalansi, ndipo woyendetsa akhale ndi laisensi yoyenera. Kuyenda popanda mapepalawa ndi kuika gulu lonse pa mlandu.

Zonsezi zikatheka, m'pamene tingakambe zoiwonjezera mphamvu pa ntchito. Penti ndi wailesi zidikire. Mlimi akufuna zitsulo za m'mbali zotchinjiriza matumba, tenti yoteteza mbewu ku mvula ndi fumbi, mashoko atsopano, masipuling'i osalefuka, tayala lapadera ndi jeke. Owotcherera zitsulo a pamisika yathu amaitha bwino ntchito ya zitsulo za m'mbali. Koma tichenjezane: kuwonjezera masipuling'i sikusandutsa pikiapu kukhala lole. Pikiapu ya tani imodzi imanyamula matumba 20 a makilogalamu 50, ndipo anthu okwera nawonso ali ndi kulemera kwawo. Mukaika matumba 35, chasisi, ekiselo ndi mabuleki ndi zomwe zija. Ntchito yake ikhale yosonkhanitsa zokolola kuchokera ku makalabu kupita ku nyumba yosungiramo katundu, kufikitsa zipangizo za ulimi kwa mamembala, ndi kuthamangitsa mbewu zosachedwa kuwonongeka ku msika. Ulendo wa mabelo a fodya wopita ku okushoni ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma kapena Mzuzu ndi wa lole.

Pogula zipangizo, kupite anthu awiri a m'komiti pamodzi ndi makaniko, ndipo abwere ndi malisiti. Ku Biwi mu Lilongwe ndi ku Ndirande mu Blantyre kumapezeka zitsulo zakale za magalimotowa, ndipo pa zinthu monga chitseko, nyali kapena galasi, chitsulo chakale chilibe vuto. Koma za mabuleki, lamba wa taimingi ndi mafyuluta zikhale zatsopano. Zitsulo zochotsedwa zibwezedwe ku ofesi kuti mamembala aone ndi maso awo chimene chasinthidwa.

Walira mvula walira matope. Galimoto ikadzuka iyamba kudya ndalama, ndipo ndalamazo ziyenera kuchokera mu ntchito yake. Tikupempha gulu lililonse kuti lilembe malamulo a galimoto isanachoke ku galaja. Pakhale dalaivala mmodzi wodziwika. Pakhale buku lolembamo ulendo uliwonse, makilomita ndi mafuta. Thumba lililonse lokwezedwa lilipire, ngakhale likhale la wapampando. Gawo la ndalamazo lizipita ku akaunti yapadera yokonzera galimoto, imene isabwerekedwe pa chifukwa chilichonse. Za matenda ndi maliro tikudziwa kuti sitingazikane, chifukwa ndife anthu a m'mudzi umodzi. Koma mamembala agwirizane pasadakhale za amene adzathire mafuta, kuti chifundo chisaphe galimoto. Ndipo pa msonkhano waukulu wa pachaka, msungichuma awerenge poyera zimene galimoto yapeza ndi zimene yadya. Ngati masamu akuonetsa kuti kuchita hayala kukutsika mtengo kuposa kusunga galimoto, mamembala ali ndi ufulu womva zimenezo.

Tili ndi mawunso kwa anzathu otithandiza pa chitukuko. Kupereka makiyi pamaso pa mafumu ndi atolankhani sikokwanira. Perekani galimoto pamodzi ndi mapepala ake, ndipo pulojekiti isanatseke, phunzitsani komiti kayendetsedwe kake. Kwa boma, tikupempha kuti njira yosinthira umwini wa magalimoto otsala a mapulojekiti kupita ku magulu a alimi ifupikitsidwe, ndiponso kuti misewu ya kumidzi izikonzedwa nyengo yokolola isanafike, chifukwa msewu woipa ndi umene umatha masipuling'i ndi matayala athu. Kwa a TEVETA ndi sukulu za ntchito zamanja monga Lilongwe, Soche, Nasawa ndi Mzuzu, tikuti achinyamata ophunzira umakaniko akufuna magalimoto ophunzirirapo, ndipo ife tili nawo. Tiyeni tikhale pansi tikambirane.

Kwa inu mamembala, ntchito ikuyamba ndi funso. Pa msonkhano wotsatira wa kalabu kapena asosiyeshoni yanu, imikani dzanja mufunse kuti galimoto ija ndi ya yani, mapepala ake ali kuti, ndipo kuikonza kungadye ndalama zingati. Musachoke osapangana tsiku loti makaniko adzaione. Misika ya zokolola imayamba kutentha mu Epulo ndi Meyi, ndipo gulu limene liyambe ntchitoyi mvula isanathe lidzanyamula lokha matumba ake.