Ciphaso ca mafuta a kanjedza: ndani ayang'anila oyang'anila?

Ambili a ife tikagula saladi kapena sopo sitifunsa kumene zicokela. Komatu mbali ina ya katundu ameneyu ndi mafuta a kanjedza, ndipo pafupifupi 85 pa 100 a mafuta onse a mtundu uwu pa dziko lapansi acokela ku Indonesia ndi Malaysia, kumene nkhalango zambili zinagwetsedwa kuti minda ikule.

Mu 2004 makampani monga Unilever pamodzi ndi bungwe la WWF anakhazikitsa bungwe la RSPO. Si la boma ai. Ndi ogulitsa, ogula ndi oteteza cilengedwe amene anadziikila okha malamulo. Wowatsata apatsidwa ciphaso cakuti mafuta ake sanaononge cilengedwe kapena kupondeleza anchito.

Zabwino zilipo. Mu 2016 RSPO inaimitsa ciphaso ca kampani ya IOI ya ku Malaysia, ndipo ogula akuluakulu anaithawa kwa kanthawi. Mu 2018 malamulo anakhwimitsidwa, kuletsa kugwetsa nkhalango ndi kutsegula minda yatsopano m'madambo a peat, amene amayaka moto wosazima msanga monga cinacitikila ku Indonesia mu 2015.

Koma pali mfundo zitatu zimene zitidetsa nkhawa. Coyamba, wofufuza munda amalipidwa ndi kampani imene akuifufuzayo. Nanga nkhoswe yodya ku mbali imodzi ingaweluze bwanji mlandu? Caciwili, kulowa m'bungweli n'kodzifunila, ndipo mafuta a ciphaso ndi gawo limodzi cabe mwa magawo asanu a mafuta onse. Otsalawo agulitsidwa kumene ogula safunsa zambili, kuphatikizapo kuno ku Africa. Cacitatu, ciphaso cifuna ndalama ndi mapepala, zimene mlimi wamng'ono alibe, ngakhale kuti mu 2019 anamukonzela malamulo opepukilako.

Nkhaniyi itikhudza cifukwa nafenso tili ndi munda wa Zampalm ku Kanchibiya, ndipo ulimiwu ungakule. Tisaganize kuti cidindo cocokela kunja cidzasunga madambo athu ndi malo a makolo athu. Ciphaso cithandize, koma cisalowe m'malo mwa lamulo la dziko. A ZEMA ayendele minda kawilikawili, ndipo mafumu asapeleke malo anthu a m'midzi asanamve ndi kuvomela. Paja akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko.