Joni adayamba ndi yani?

Joubert Park ili pafupi ndi Park Station, pomwe mabasi ochokera kumudzi amatsitsa anthu. Ndi paki yakale kuposa onse mu Johannesburg, ndipo dzina lake silivuta: ndi la Piet Joubert, mkulu wa asilikali a Mabunu. Chovuta ndi dzina la mzinda weniweniwo.

Malo amenewa ali mkati mwa Randjeslaagte, kadziko kotsalira pakati pa mafamu a Braamfontein, Doornfontein ndi Turffontein, pomwe boma la Paul Kruger lidayika mzinda mu 1886. Koma Johannes amene mzindawo udatengera dzina ndi uti? Ena amati ndi Johann Rissik ndi Christiaan Johannes Joubert, amene adatumidwa kudzaona malowa. Ena amati ndi Johannes Meyer, ena Kruger mwini wake, poti naye adali Johannes. Mpaka lero akatswiri a mbiri sadamvane. Ngakhale George Harrison, amene amati adapeza golide pa famu ya Langlaagte chaka chomwecho, akuti adagulitsa gawo lake mapaundi 10 n'kuzimirira osadziwika kolowera.

Ine mkanganowu umandiwawa pa chifukwa china. Azungu aja amalimbirana maina chifukwa maina awo adalembedwa. Koma dziko lino silidali thengo lopanda eni. Ku Melville Koppies kuli ng'anjo yosungunulira chitsulo yomwe Revil Mason adafukula mu 1963, ndipo ku Klipriviersberg kudakali makoma a miyala a midzi ya Atswana ndi Asutu. Omanga makomawo palibe amene amawatchula maina.

N'chimodzimodzinso agogo athu. Adabwera ndi Wenela, nalowa pansi pa nthaka kukumba golide amene adamanga mzindawu, koma kumgodi ankadziwika ndi nambala. Mu 1974 ndege ya Wenela itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu adaletsa ulendowu. Ndi angati mwa ife angatchule ngakhale mmodzi mwa anthu amenewo? Nanga matchona amene adakalambira konkuno, osabwereranso kwawo?

Inu amene muli ndi agogo amene adagwirako ku Joni, musadikire maliro. Afunseni chaka chomwe adanyamuka, mgodi womwe adagwira, anzawo amene adapita nawo ndi amene sadabwerere. Lembani zonsezo m'kope, ndipo ana anu aziwerenge.