Mawu a ndani akumveka m'mavidiyo a mwana wanu?



Mlungu uno mundikhululukire, sindilemba za phunziro la Sukulu ya Sabata monga mwa nthawi zonse. Pali nkhani imene yandikhala pamtima kuyambira mwezi watha, ndipo ikukhudza inu amene mukulera ana okonda masewero kuno kunja.

Banja lina la mu mpingo wathu kuno ku England linataya mwana wamkazi chaka chatha. Anali ndi zaka 16, ndipo anangodwala milungu yochepa. Chaka chitakwana, makolo ake anakonza chikumbutso m'holo ya tchalitchi. Poti ntchito yanga ndi ya makompyuta, anandipempha kuti ndisonkhanitse zithunzi ndi mavidiyo ake kuti tidzawonetse pakhoma tsikulo. Andilola kulemba zimene ndinawona, bola ndisatchule mayina.

Ndinakhala madzulo atatu ndi mafoni a pabanjapo ndi laputopu yakale. Ndinawona kamwana kali pamsana pa agogo ake ku Thyolo. Ndinakawonanso katavala majekete awiri, kakulira chifukwa cha chipale chofewa chimene kanali kasanachiwonepo. Kenako kali kutsogolo m'tchalitchi pa Sabata la khumi ndi chitatu, kakunena vesi loloweza, maso ali kudenga. Kunabwera sikafu yachikasu ya Pathfinder, misasa ya m'matope, ubatizo ali ndi zaka 13. Pakati pa zonsezi panali zithunzi zambirimbiri za ntchemberembaye. Mtsikanayu ankasewera pakati, atavala chilembo cha C pachifuwa, malo amene amafuna munthu wothamanga bwalo lonse osatopa.

Pokonza mavidiyo ndimavala mahedifoni kuti ndimve bwino. Apa ndi pamene ndinazindikira kanthu kamene kandichititsa kulemba lero. M'mavidiyo onse a kutchalitchi mukumveka mayi ake, pena akunong'oneza vesi pamodzi naye, pena akuti "Amen" mokweza kuposa aliyense. M'mavidiyo a mpira mukumveka mawu a anthu ena. Anajambula ndi makolo a anzake, n'kumatumiza pa WhatsApp. Amene akutchula dzina lake mosangalala, ndipo akulitchula molakwika, ndi mayi wina wachizungu amene banjali silinkamudziwa n'komwe.

Tsiku la chikumbutso bambo ake ananena okha zimenezi, ine ndisanawauze kanthu. Anati m'zaka zisanu zimene mwana wawo anasewera, iwo anakamuwonerera kawiri kokha. Musawaweruze, chifukwa nkhani yawo ndi ya ambiri a ife. Amagwira ntchito yosamalira okalamba. Kuti asagwire ntchito pa Sabata, anavomera kutenga mashifiti a la Sande ndi a madzulo amene anzawo sankawafuna. Kukhulupirika kwawo pa tsiku lachisanu ndi chiwiri n'kumene kunawadyera masiku ena aja. Ndipo mumtima, monga mmene ananenera, ankawona mpira ngati chinthu chongopirira, chimene chidzatha mwana akakula.

Maganizo anga ndi awa. Kholo la Chiadventisti limene lauza mwana kuti sasewera pa Sabata lachita bwino, koma langogwira theka la ntchito. Theka linalo ndi kupezeka pabwalo Lachiwiri madzulo kapena la Sande m'mawa. Ngati mwana amangomva mawu athu pa nkhani ya masewero pamene tikuletsa, amaphunzira kuti Sabata ndi tsiku lolanda, ndipo Mulungu ndi amene amamulanditsa zimene amakonda. Mwana wotero amasunga Sabata ali m'nyumba mwathu, koma akapita ku yunivesite amalisiya pamodzi ndi yunifolomu ya Pathfinder.

Ndikudziwa chimene ena a inu munganene, chifukwa nanenso ndinakula ndikuchimva. Mpikisano umabala kunyada. Maligi ambiri a ana amasewera Loweruka, ndiye n'kumulimbikitsiranji mwana pa njira imene idzamufikitse pa yesero? Nkhawa imeneyi si yopanda pake. Mayi Ellen White anachenjeza kwambiri za masewero amene amadya nthawi, ndalama ndi maganizo. Koma m'buku la The Adventist Home mulinso mawu awo osonyeza kuti sankatsutsa kusewera mpira kolimbitsa thupi, ankangoti nako kungathe kupyola muyeso. Funso ndiye lakuti, muyesowo adzamuthandiza kuwudziwa ndani ngati inu simunafikepo pabwalo? Simungadziwe ngati mwana wanu amanyada akapambana, kapena ngati amatukwana akaluza, mutakhala kunyumba. Luka 2:52 amatiwonetsa Yesu akukula m'mbali zonse, thupi lomwe, ndipo ndi vesi limene timakonda kuwerengera ana athu. Tiyeni tilikhulupirire lonse.

Za yesero, kulibisa sikuthandiza. Lidzafika ndithu, kaya pa mpira, pa mayeso kapena pa ntchito. Kuli bwino mwana akumane nalo ali ndi zaka 12, inu muli pambali pake, kusiyana n'kukumana nalo yekha ali ndi zaka 22. Mtsikana ndikunenayu anakumana nalo kangapo. Kochi wake anabwera ku chikumbutso, munthu amene anali asanalowepo m'tchalitchi cha Adventist. Anatiuza kuti chaka chilichonse sukulu ikatsegulidwa mu September, mtsikanayu ankamupatsa pepala la nthawi zimene dzuwa limalowa Lachisanu lililonse. Inu a ku Britain mukudziwa mmene zimakhalira: mu June dzuwa limalowa itadutsa 9 koloko usiku, koma mu December limalowa 4 koloko isanakwane, ana atangoweruka kumene. Gemu imene inali yotheka Lachisanu la mu September imakhala yosatheka mu November. Kochiyo anati poyamba zinkamusokoneza, koma kenako anazolowera kuyang'ana pepalalo asanavomere tsiku la gemu. Mipikisano ya Loweruka mtsikanayu ankaiphonya, ndipo kamodzi timu yake inatenga chikho iye kulibe. Anzake anamusungira mendulo.

Bambo ake anamva nkhani ya pepalayi koyamba tsiku lomwelo. Mwana wawo ankachitira umboni pabwalo zaka zonsezi, iwo osadziwa.

Kuima nji pa Sabata sikutanthauza kuti mwana asiye masewero. Mu February 2022, timu ya basketball ya anyamata a Oakwood Adventist Academy ku Huntsville, Alabama, inapatsidwa gemu ya 4:30 madzulo Loweruka, dzuwa lisanalowe. Anapempha kusinthana ndi gemu ya 7:30. Matimu enawo anavomera, koma bungwe loyendetsa masewero a sukulu m'chigawocho linakana, ndipo anyamatawo anatuluka mu mpikisano osasewera. Nkhani inafika kukhoti, ndipo mu September chaka chomwecho bungwelo linasintha lamulo lake kuti lizilemekeza masiku opembedza. Anyamata aja sanaime okha. Makolo, aphunzitsi ndi mpingo anali kumbuyo kwawo, chifukwa ankawona masewero a anawo ngati chinthu choyenera kuchimenyera. Kodi ife tingapite kukapempha kochi kuti asinthe tsiku la gemu, pamene kochiyo sanawonepo nkhope yathu?

Ndiye ndikupempheni zinthu zitatu zosavuta. Sizoni isanayambe, pitani nokha kwa kochi, mumufotokozere za Sabata mwaulemu, musasiyire mwana katundu ameneyu. Funsani ngati pali ligi ya pakati pa mlungu kapena ya la Sande, chifukwa m'matauni ambiri ilipo. Ndipo pamene mukukambirana mashifiti ndi abwana anu, mutatha kuteteza Sabata, tetezaninso madzulo amodzi pamwezi a gemu ya mwana wanu. Ndikudziwa kuti ndalama zikufunika kuno ndi kumudzi komwe. Koma shifiti imodzi mudzaipezanso, pamene zaka zimene mwana amayang'ana kunja kwa bwalo kufunafuna nkhope yanu ndi zochepa. Nafenso a mpingo tisinthe. Timalengeza mwana akakhoza mayeso, koma akakana gemu ya Loweruka timangoti chete ngati palibe chimene wataya. Amalume ndi azakhali a mu mpingo amene muli ndi galimoto ndi mpata, mukhoza kukaimira kholo limene lili kuntchito.

Pa mavidiyo onse aja panali imodzi yosiyana. Mu July 2019 mpikisano wa dziko lonse wa ntchemberembaye unachitikira ku Liverpool, ndipo Malawi Queens inamaliza pa nambala 6. Bambo aja anapempha tchuthi tsiku lina pakati pa mlungu n'kumutenga mwana wawo, ali ndi zaka 11, kukawonera Queens. M'vidiyoyo mtsikana akugwedeza mbendera ya Malawi, ndipo amene akukuwa mpaka mawu kusasa ndi bambo ake. Kenako mwanayo akutembenuka n'kuwayang'ana modabwa, akuseka. Banjali linasankha kuti imeneyi ikhale yomaliza kuwonetsa, pambuyo pa ya ubatizo.

Ife sitilira ngati anthu opanda chiyembekezo. Mtsikanayu akugona, ndipo adzadzuka Ambuye akadzabwera. Abusa anatikumbutsa tsikulo za mwana wa Yairo pa Marko 5, amene anali ndi zaka 12. Yesu atamuukitsa, mwanayo anaimirira n'kuyamba kuyenda, ndipo Yesu analamula kuti amupatse chakudya. Anasamala za mwana yense, miyendo ndi mimba yomwe. Makolo aja adzamuwonanso mwana wawo akuthamanga.

Koma wanu akuthamanga lero. Dzuwa likalowa madzulo ano, mukatseka Sabata, mufunseni kuti gemu yake yotsatira ili liti.

Ambuye akusungeni mpaka Sabata likubwerali.