Nkhope ni yathu, nanga moyo ni wa ndani?

Gemu ikangotipatsa mpata wopanga munthu wathu, ambili a ise timaiwala na nsima yomwe. Tisintha mphuno, tibweza. Tikweza masaya, titsitsa. Tisakila khungu lofanana na lathu, tiyesa tsitsi lililonse limene lilipo, ndipo pofika pa dzina malaiti apita kale, batile ya laputopu nayo ili pafupi kutha. Si ise tekha. Pamene Baldur's Gate 3 inatuluka mu 2023, kampani ya Larian ya ku Belgium inalengeza kuti osewela oposa 90 pa 100 aliwonse anasankha kupanga munthu wawo m'malo motenga mmodzi wa anthu amene olemba anakonza kale. Conco tikakamba kuti munthu wolembedwa kale nthawi zambili amatipatsa gemu yokoma kuposa wodzipangila, tidziwa kuti tikukangana na gulu lalikulu. Koma tikambe ndithu.

Mwambo wodzipangila munthu unayambila pa thebulo. Mu 1974, Gary Gygax na Dave Arneson anatulutsa Dungeons & Dragons ku America. Anthu anali kukhala pamodzi na mapepala, mapensulo na madaisi, aliyense n'kulemba dzina la munthu wake, mphamvu zake, nzelu zake na kumene acokela. Zinali kutheka cifukwa pa thebulopo panali munthu wamoyo wotsogolela nkhani. Ukamuuza kuti munthu wako ni mwana wa msodzi amene anathawa nkhongole, iye atha kubweletsa mwini nkhongoleyo pakati pa ulendo. Gemu ya pa kompyuta siingacite zimenezo. Imadziwa cabe zimene olemba analemba, ndipo imakamba cabe mawu amene anajambulidwa mu situdiyo isanatuluke.

Apa m'pamene pagona nkhani. Olemba sadziwa kuti udzapanga ndani, mwamuna olo mkazi, wamatsenga olo wakuba, conco amakupatsa mbili imene ingakwane aliyense, ndipo mbili yotelo imakhala yopanda kanthu. Tione mmene magemu a Bethesda amayambila. Mu Morrowind ya 2002 ndiwe mkaidi m'combo. Mu Oblivion ya 2006 ndiwe mkaidi m'ndende. Mu Skyrim ya 2011 ndiwe mkaidi pa ngolo yopita ku Helgen kukadulidwa mutu. Mu Fallout: New Vegas ya 2010, imene inapangidwa na Obsidian, ndiwe wopeleka katundu amene anaombeledwa m'mutu n'kukwililidwa. Palibe amayi okuyembekezela kunyumba, palibe mng'ono wofuna ndalama za sukulu, palibe amene anakuona ukali mwana. Dzina limene unalemba mosamala lija palibenso amene alichula. Ku Skyrim amakuitana Dragonborn, ku New Vegas Courier, ku Elden Ring Tarnished. Fallout 4 ya 2015 inayesako, loboti Codsworth atha kuchula maina pafupifupi 1,000. Koma ngati ndiwe Tiyanjane olo Mabvuto, usavutike kuchela khutu.

Kwathu kuno munthu sadziwika na nkhope cabe. Ukafika kumudzi ku Katete olo ku Chadiza, ambuya akamaliza moni amafunsa kuti ndiwe mwana wa ndani, wa kwa Phiri uti, amalume ako ni ndani. Olo m'komboni, ku Chawama kapena ku Mtendere, anthu amakudziwa kuti ndiwe mng'ono wa uje, uja wa pafupi na pompi. Munthu ni amene anamubala, amene ali nawo nkhongole, amene anawalakwila, amene adzamuika m'manda. Tikapima na muyeso umenewu, ngwazi imene tataila maola awili kuikonza nkhope ni mlendo wopanda mudzi. Ni cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyelele.

Manje tione Geralt wa ku Rivia mu The Witcher 3, imene CD Projekt Red ya ku Poland inatulutsa mu 2015. Sitinamupange. Anacokela m'mabuku a Andrzej Sapkowski, ni mzungu wa tsitsi loyela, ndipo sitingasinthe dzina lake olo nchito yake. Koma cifukwa olemba adziwa bwino kuti iye ni ndani, anatha kumupatsa Ciri, mtsikana amene anamulela monga mwana wake. Mapeto a Ciri amadalila pa tinthu tating'ono. Vesemir atamwalila ku Kaer Morhen, kodi tidzasewela naye moponyelana cipale kuti mtima ukhaleko pansi, kapena tidzamutengela ku mowa? Akafuna kupita ku manda a mnzake Skjall, tidzamupelekeza olo tidzamuuza kuti nthawi palibe? Akaitanidwa pamaso pa akazi amatsenga, tidzalowa naye monga mwana wosadziwa kudzikambila, kapena tidzamulola alowe yekha? Palibe funso pano lokhudza kupulumutsa dziko. Onse ni mafunso a kholo, ndipo tikalakwitsa kangapo, Ciri sabwelela. Cisoni cimeneco gemu siingacipeleke kwa munthu amene olemba samudziwa.

Ambili a ise tinaphunzila zimenezi kale osadziwa, m'tumashopu twa magemu kumene tinali kulipila kuti tigwileko padi ya PlayStation 2. GTA: San Andreas ya 2004 si RPG yeniyeni, koma inabweleka zambili kumeneko. CJ tinali kumumetetsa mmene tifunila, kumugulila zovala, kumunenepetsa na nkhuku za ku Cluckin' Bell olo kumulimbitsa ku jimu. Thupi linali lathu kusewela nalo. Koma CJ anali Carl Johnson, amene anabwelela ku Los Santos cifukwa amayi ake anaphedwa, mng'ono wa Sweet, mlongo wa Kendl, mwana wa ku Grove Street. Pamene zinadziwika kuti Big Smoke na Ryder agulitsa anzawo, zinatiwawa monga kuti ni anyamata a mu laini yathu. Papita zaka zoposa 20 ndipo maina aja tikali kuwakumbuka. Nanga munthu amene tinapanga mu gemu ya caka catha, tikumbuka kuti tinamucha ndani?

Anzathu amene sagwilizana nafe ali na mfundo yolemela, ndipo sitiyenela kuipeputsa. Kwa zaka zambili ngwazi yolembedwa kale inali mzungu wamwamuna pafupifupi nthawi zonse. Kwa mtsikana wa ku Kabwata olo mnyamata wa ku Matero, malo opangila munthu ndiwo anali khomo lokha loonela khungu lake pa sikilini. Olo pamenepo zinthu sizinali bwino. Masitayelo a tsitsi la azungu anali ambilimbili, koma a ise anali afulo imodzi yooneka monga cisoti, mizele yoluka na madiledi, basi. Vutoli linali lalikulu cakuti mu 2023 Dove na Open Source Afro Hair Library anatulutsa Code My Crown, malangizo aulele ophunzitsa opanga magemu mmene angaumbile tsitsi la anthu akuda. Anthu olembedwa kale nawonso amagwela mu ulesi womwewo. Michael B. Jordan atangoonekela na madiledi ogwela mbali imodzi mu filimu ya Black Panther mu 2018, ngwazi zakuda zambili za m'magemu zinayamba kuoneka monga zinapita kwa wometa mmodzi. Conco amene amamenyela khungu na tsitsi loyenela sakutaya nthawi. Tili nawo limodzi.

Koma tisakhutile na zimenezo, cifukwa khungu lakuda pa munthu wopanda mbili silisintha ciliconse m'nkhani. Ungapange Redguard wakuda bii mu Skyrim, nkhani ya zinjoka idzayenda cimodzimodzi na ya mnzako amene anapanga Nord, kusiyana kwake n'tumawu tocepa twa alonda. Kwa kampani, kuwonjezela mitundu ya khungu n'kochipa kuposa kulemba munthu wakuda amene ali na banja, cikhulupililo na cilonda cake. Tiyelekezele na Bayek wa ku Siwa mu Assassin's Creed Origins ya 2017, amene mawu ake anakamba Abubakar Salim. Ni mwamuna wa ku Egypt wakale, mwamuna wa Aya, tate amene mwana wake Khemu anafa iye akuona. Akafika pa miyala yozungulila m'cipululu n'kuyang'ana nyenyezi, timamva zimene anali kukambilana na mwanayo akali moyo. Olo titenge Aurion: Legacy of the Kori-Odan, imene Kiro'o Games ya ku Yaoundé ku Cameroon inatulutsa mu 2016. Enzo alandidwa ufumu wa Zama na mlamu wake pa tsiku la ukwati wake na Erine, ndipo mphamvu zomenyela amazitenga kwa makolo ake akale. Mlamu, ukwati, mizimu ya makolo. Izi sizipezeka pa batani losinthila mphuno.

Palinso funso lina: ufulu umenewu timaucita nawo ciani? Mu 2020, Baldur's Gate 3 ikali kuyesedwa, Larian inasonkhanitsa zosankha zimene anthu anakonda kwambili n'kupanga munthu mmodzi. Anatuluka mzungu wamba wa tsitsi lalifupi, ndipo kampaniyo inaseka osewela ake poyela, popeza inali itawapatsa nyanga, micila na maso a ziwanda. Tikapatsidwa mpata wokhala aliyense, ambili timadzipanga tekha, kungowonjezela msinkhu na minofu. Koma RPG tanthauzo lake ni kuvala moyo wa wina. Pa masanje palibe mwana amene anali kusewela monga iye mwini. Wina anali atate, wina amayi, wina fisi wobwela kudzaba ndiwo, ndipo kukoma kwake kunali pamenepo. Kusewela monga Geralt kumatikakamiza kufunsa kuti kholo lingacite bwanji. Kusewela monga cithunzi cathu kumangotibwezela zimene tidziwa kale.

Sitikukamba kuti kudzipangila munthu kulibe malo ake. M'magemu a pa intaneti, kumene nkhani imapangidwa na ise eni na anzathu, munthu wodzipangila ndiye woyenela, cifukwa abale ake ni anthu enieni amene timenya nawo nkhondo usiku mpaka bando itatha. Mu Elden Ring ya 2022, kumene dziko lenilenilo ndilo nkhani ndipo ngwazi siikamba, palibe cimene titaya. Skyrim nayo imakoma kwa amene afuna kungoyendayenda m'mapili n'kudzilembela mbili m'mutu. Vuto limabwela gemu ikafuna kutiliza misozi pa munthu amene yokha siimudziwa.

Opanga magemu anzelu anaona zimenezi ndipo anapeza njila ya pakati. Mu Mass Effect ya 2007, BioWare ya ku Canada inatilola kusankha nkhope, dzina loyamba, kumene tinakulila, komanso ngati ndife mwamuna olo mkazi, koma dzina lakuti Shepard na udindo wake sizisintha. Cifukwa ca ico anzake atha kumuitana na dzina, Jennifer Hale olo Mark Meer atha kumupatsa mawu, ndipo zosankha zathu zimatitsatila mpaka gemu yacitatu ya 2012. Baldur's Gate 3 ili na Dark Urge, amene maonekedwe ake timasankha tekha koma mbili yake yamagazi inalembedwa kale ndipo imatilondola. Disco Elysium ya 2019 inapita patsogolo. Wapolisi wake Harry ni cidakwa ca zaka zambili amene wauka ataiwala zonse, ndipo nkhope yake yotupa sitingaikonze. Cimene timapanga ni maganizo ake, maluso 24 amene amakangana m'mutu mwake. Anthu a mumzinda wa Revachol amene anakumana naye akumbuka zimene anacita olo iye waiwala, ndipo timayenda tikulipila milandu imene sitinapalamule. M'magemu onsewa olemba anasunga cinthu cimodzi m'manja mwawo, ndico ubale wa ngwaziyo na anthu ena.

Nkhaniyi itikhudza kupitilila pa kusewela. Pakati pathu pali amene akuphunzila Unity na Godot pa YouTube, akulota gemu yoyamba yocokela mu Lusaka olo ku Chipata. Gulu la anthu atatu silingakwanitse kupanga nkhope mahandiledi, zovala zokwana thupi lililonse na nkhani yogwilizana na zonsezo. Koma lingakwanitse kulemba munthu mmodzi bwinobwino. Kondakita wa minibasi amene ndalama ya abwana yasowa. Mtsikana amene watumidwa kumudzi kukakamba za munda wa malemu atate ake pamaso pa amalume amene safuna kumumvela. Tikamupatsa dzina lakwathu, amayi amene amamuitana nalo, na cosankha cimene mbali zonse ziwili zili na mtengo wake, wosewela wa ku Warsaw adzamuvala mmene ise tinavalila Geralt, ndipo adzaphunzila kuchula dzinalo.