Chigumu chibwerere pa tiyi wa mmawa

Mmawa uliwonse ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Chilomoni ana amatumidwa kugolosale kukagula buledi, ngati kuti tiyi sangatsike kukhosi popanda iyeyu. Komatu tirigu wake pafupifupi yense amachokera kunja, poti wolimidwa ku Tsangano ndi ku Neno ndi wochepa zedi. N'chifukwa chake nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka mu 2022, kenako kwacha n'kugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa buledi udathawa m'manja mwa mabanja ambiri. Chondipweteka n'chakuti chigumu, chomwe ena amati chikondamoyo, tidachitaya tokha pochiyesa chakudya cha kumudzi.

Chigumu sichilira uvuni. Mayi amasakaniza mgaiwa, nthochi zakupsa, soda ndi kamchere, n'kuthira m'poto wopaka mafuta, kukhazika pambaula, makala ena n'kuika pachivundikiro kuti chipse pansi ndi pamwamba. Luso lomweli ankagwiritsa ntchito amayi a m'midzi ya ku Ireland zaka za m'ma 1800. Tirigu wawo sankafufuma bwino ndi yisiti, motero ankaumba mkate ndi soda ndi mkaka wosasa, n'kuwotchera mumphika wachitsulo wosanjikidwa moto pamwamba. Lero mkate umenewo amaudya monyadira m'mahotela a ku Dublin, pomwe ife chathu timachibisa alendo akafika.

Ena ati makala akumeta mapiri mpala, ndipo akunena zoona. Koma chigumu chimapsa ndi moto wotsala pophika ndiwo, umene ukadangozima pachabe, ndipo kwa amene ali ndi uvuni wa magetsi kapena wa gasi chimapsanso bwinobwino. Ena ati chimanga nachonso chimakwera mtengo. Inde, makamaka Januwale ndi Febuluwale, koma chaka chokolola bwino ndalama yogulira mgaiwa imathera kwa mlimi wa ku Thyolo kapena ku Chiradzulu, ndipo nthochi zofewa zomwe ogulitsa mumsika wa Limbe akadataya madzulo zimapeza ntchito. Za nthawi ndiye ndivomere: wothamangira minibasi mbandakucha sangayambe kukanda ufa. Apa mpamene eni mabekale ndi malesitilanti a m'tauni ayenera kulowererapo, kuphika chigumu chaukhondo, chodulidwa bwino, n'kuchiika pashelefu pomwe pali buledi ndi masikono.