Mwana asagamulidwe ndi mavoti

Ku Texas, m'dziko la America, makolo akalekana, gulu la anthu wamba lotchedwa jury limatha kugamula amene asunge mwana. Ine ndikuti zimenezi zisabwere kuno.

Taganizani banja la ku Chinsapo: mayi Mchewa, bambo Mtumbuka. Ena adzati mwana ndi wakuchikazi, ena adzati ndi wa amene adapereka lobola. Tidzangowerenga mitundu, mwanayo n'kuiwalika. Komanso jury silemba zifukwa zake.

Amalawi anzanga, sitidaiwale bwalo la mafumu lomwe lidagamula Orton ndi Vera Chirwa kuti aphedwe mu 1983, popanda loya. Chigamulo chitsate lamulo, osati maganizo a gulu.

Lamulo la ana la 2010 limatsogoza ubwino wa mwana. Ankhoswe apereke umboni, mwana amveke, majisitireti agamule ndi kulemba zifukwa.